Munalonjeza miyezi itatu, pano wachisanu ukutha: musalembe anthu ena kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Zomba. Dzina ndisunga, poti sanandilole kulitchula. Iye ndi anzake awiri anapeza ntchito yopangira sukulu ina yapulaiveti pulogalamu ya pakompyuta yolembera fizi ndi kusunga mayina a ophunzira. Anauza eni sukulu kuti pakatha miyezi itatu zikhala zatheka. Pano mwezi wachisanu ukutha. Adayirekita akuimba foni tsiku ndi tsiku, ndipo akakumana amawonjezera kanthu: makolo azilandira uthenga pafoni, aphunzitsi azilowetsamo malikisi, laibulale nayo ilowe momwemo. Theka la ndalama analandira kale, ndipo inatha. Mafunso ake ndi awiri: "Kodi ndilembe anyamata ena awiri kuti tithamangitse ntchito? Nanga ntchito ngati iyi anthu amaikonza bwanji kuti tsiku lolonjeza likwane?"

Achimwene, funso loyambalo yankho lake ndi lalifupi: ayi, musalembe. Lachiwirilo ndiye kokani mpando.

Tinakula tikumva kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo pa denga n'zoonadi. Kumunda nakonso, mizere ikatsala yambiri mvula ili pafupi, umaitana aganyu, aliyense n'kutenga ndime yake, dzuwa lisanapendeke mwaweruka. Waganyu safuna kumufotokozera zambiri. Khasu akulidziwa, mzere akuuona. Koma mnyamata amene mungamulembe Lolemba likubwerali sakudziwa chifukwa chake mayina a ophunzira munawasunga m'mindandanda iwiri yosiyana mu pulogalamumo, sakudziwa kuti mbali yosindikiza malisiti imagwa ukangoikhudza molakwika. Womuphunzitsa akhala ndani? Inuyo, amene muli kale ndi katundu wolemera kuposa onse. Masabata awiri kapena atatu oyamba mudzakhala mukuyankha mafunso ake ndi kukonza zimene waphwanya mosadziwa.

Izi si nzeru zanga. Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito yopanga OS/360, pulogalamu yoyendetsa makompyuta akuluakulu, ku kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1960, anazilemba m'buku lake la mu 1975, ndipo mpaka lero anthu amazitcha lamulo la Brooks: ukawonjezera anthu pa pulojekiti ya pulogalamu imene yachedwa kale, imachedwa kuposa pamenepo. Chitsanzo chake chinali cha mayi wapakati, kuti mwana amabadwa pakatha miyezi 9 ngakhale mutasonkhanitsa amayi angati. Anawerengeranso za kulankhulana. Anthu atatu ali ndi njira zitatu zomvana kapena kusemphana. Mukakhala asanu njirazo zimafika 10, mukakhala 10 zimafika 45. Ndiye onjezeranipo kuti ndalama yowalipira mulibe. Mudzawalonjeza "tikalandira", ndipo ubale wanu udzathera pomwepo.

Ngati pali munthu woti n'kumuitana, ndi wokutulani ntchito zosafuna kulemba code, malamulo amene pulogalamu imayendera: wolowetsa mayina a ana mazanamazana aja kuchokera m'kaundula, woyesa pulogalamu ngati kalaliki wosadziwa kanthu, n'kumalemba paliponse pamene yakana. Ameneyo sakusokonezani.

Tsopano ku matenda enieniwo. M'kalata yanu mwalemba kuti "yatsala pang'ono, tili pa 90 peresenti". Ndinaseka nditawerenga, osati kukusekani inu, koma poti mawu amenewo ndinawanenapo ndekha kwa miyezi iwiri yathunthu. Pali nthabwala yakale ya Tom Cargill wa ku Bell Labs, malo a kafukufuku ku America, yakuti 90 peresenti yoyamba ya pulogalamu imadya 90 peresenti ya nthawi, ndipo 10 peresenti yotsalayo imadyanso 90 peresenti ina. Amene anamangapo nyumba akumva. Khoma likafika pa bimu, odutsa pamsewu amati nyumba yatha. Mwini wake yekha ndiye amadziwa kuti malata, pulasitala, mawaya, zitseko ndi siling'i n'zimene zimapsetsa thumba.

Funso langa kwa inu ndi ili: 90 peresenti ya chiyani? Pali pepala limene inu ndi adayirekita munalemba kuti zikatheka izi ndi izi, ntchito yatha? Ndikukayika. Ngati palibe, ndiye kuti tsiku limene munalonjeza linali tsiku lomalizira chinthu chimene palibe anachitchula. M'mutu mwanu munali pulogalamu yolembera fizi. M'mutu mwa adayirekita munali sukulu yonse italowa mu kompyuta. Nonse munagwedeza mitu, n'kupatsana moni, aliyense akuona chake.

Musanatsegulenso laputopu, pitani kukakhala m'mawa wonse muofesi ya amsungichuma, amene amalandira fizi. Osati kukawaonetsa pulogalamu ayi, kukangoonerera. Mudzaona buku la malisiti la kaboni pakati, ndi hadikava imene ngodya zake zinafwifwa ndi thukuta. Mudzaona kholo likubwera ndi silipi imodzi ya kubanki yolipirira ana atatu, dzina lolembedwapo n'la amalume awo a ku Johannesburg. Mudzaona wina atalipira theka, n'kupempha kuti yotsalayo adzapereke akagulitsa fodya. Wina analipira mopitirira teremu yatha, akufuna yapamwambayo ilowe teremu ino. Mwana wina fizi yake imachokera ku bungwe, koma yunifolomu ndi chakudya amalipira makolo. Wina anasamuka pakati pa teremu. Zonsezi amsungichuma amazithetsa ndi kanyenyezi ka bolopeni yofiira m'mphepete mwa tsamba. Pulogalamu yanu ikuzidziwa? Chilichonse mwa izi ndi masiku a ntchito amene simunawawerengere.

Ine ndinaphunzira mochedwa. Zaka zapitazo ndinapangira sitolo ina ya zipangizo zaulimi pulogalamu yowerengera katundu. Miyezi itatu ndinkangokumana ndi mwini sitolo, munthu wa suti, wodziwa zimene akufuna. Tsiku loonetsa, mtsikana wa pakauntala anayang'ana sikirini kanthawi, kenako anafunsa motsitsa mawu: "Nanga wofuna feteleza makilo asanu ndimulemba pati?" Pulogalamu yanga inkadziwa thumba lathunthu la makilogalamu 50 basi. Sinkadziwa kuti thumba limatsegulidwa n'kumayezedwa pasikelo mpaka kutha. Mwini sitolo sanandinamize. Iye sankaima pakauntala. Ndinagumula mbali yonse ya katundu n'kumanganso, masabata atatu opanda malipiro.

Mukabwerako kwa amsungichuma, khalani atatu nonse ndi pepala, mulembe chilichonse chotsala. Kenako muchigawe: zimene popanda izo sukulu singalandire fizi tsiku lotsegulira, ndi zina zonse. Musadzimvere chisoni pogawapo. Kulemba mwana, kulandira ndalama, kutulutsa lisiti, kuonetsa balansi, kusindikiza mndandanda wa amene sanamalize: izi ndiye mtima wake. Malikisi, laibulale, mauthenga a pafoni adikire. Sukulu yakhala ikuyenda popanda izo chiyambire.

Zapamtimazo muziduladule mpaka kalikonse kakhale kantchito kosapitirira masiku awiri. "Kumaliza mbali ya malipiro" si ntchito, ndi pemphero. "Lisiti ituluke ndi nambala yosabwerezeka" ndiyo ntchito, chifukwa madzulo ukhoza kuloza kuti yatheka kapena ayi. Chinthu chikakukanikani kuchidula, dziwani kuti simunachimvetse, ndipo m'menemo ndi mmene mwabisala mwezi wina wathunthu.

Za kuyerekeza masiku. Munthu ukamufunsa kuti izi zitenga nthawi yaitali bwanji, amakuuza za tsiku limene zonse zayenda bwino, magetsi alipo, mutu suwawa. Njira ina yothandiza inachokera kwa asilikali apamadzi a ku America cha m'ma 1958, pamene ankapanga mizinga ya Polaris, ndipo imatchedwa PERT. Pa kantchito kalikonse mumatchula manambala atatu: zikayenda bwino kwambiri, zikayenda mwa masiku onse, ndi zikavuta. Yapakatiyo mumaichulukitsa kanayi, n'kuphatikiza ndi ziwiri zinazo, n'kugawa ndi 6. Tiyerekeze kukoka mayina a ana kuchokera mu Excel ya sukulu. Zikayenda bwino tsiku limodzi. Mwa masiku onse atatu. Zikavuta, monga mutapeza kuti mwana mmodzi analembedwa katatu ndi masipelo osiyana ndipo wina alibe kalasi, masiku 11. Ndiye 1 kuphatikiza 12 kuphatikiza 11, kugawa ndi 6, mupeza masiku anayi. Masamuwo si ufiti, sakulosera chilichonse. Phindu lake n'lakuti amakukakamizani kutchula ndi pakamwa zimene zingavute, zomwe tonse timaopa kuzitchula pamaso pa kasitomala. Ndipo wotchula manambala akhale amene adzagwire ntchitoyo, osati inu m'malo mwake.

Chinanso, sabata ilibe masiku asanu ogwira ntchito. Pakalendala alipo, pamoyo palibe. Pagwa maliro kumudzi, masiku atatu apita, ndipo palibe angakuuzeni kuti musapite. Magetsi azima, laputopu yakale batire yake ndi ya mphindi 40. Bandulo yatha pakati pa kukweza zinthu ku seva, kompyuta ya pa intaneti imene pulogalamu imakhalamo. Mnzanu wina ali ndi kaganyu kena kamene kamamudyetsa, poti ntchito inoyi ndalama yake inatha kale. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense wogwira ntchito pakompyuta anaona ndondomeko yake ikusanduka pepala wamba. Ine ndimawerengera masiku atatu pa sabata kwa munthu aliyense. Koma pali njira yoposa yangayi: yang'anani m'mbuyo masabata anayi apitawa, muwerenge tintchito timene munamalizadi. Limenelo ndiye liwiro lanu lenileni. Gawani zotsala ndi liwiro limenelo, tsiku limene lituluke ndi lomwelo, ngakhale likuwaweni.

Pali ntchito zina zimene sizidalira khama lanu, zimadalira anthu ena, ndipo izi ndi zoyenera kuyamba lero ngakhale zidzafunike kumapeto. Ngati tsiku lina mudzafune kuti makolo azilipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ndalama n'kumaonekera yokha mu pulogalamu, pamafunika akaunti ya bizinesi m'dzina la sukulu, makalata, masiginecha, ndi kuyesa kaye musanalumikizidwe zenizeni. Simungazifulumizitse pogona mochedwa. Chimodzimodzi mndandanda wovomerezeka wa fizi ya kalasi iliyonse, pulinta ya malisiti, ndi kompyuta ya muofesi imene mwina ili ndi mavairasi odzaza dengu. Akatswiri amati critical path, kutanthauza mzere wa ntchito zodikirana, umene ikachedwa imodzi tsiku lomaliza limasuntha. Pa pepala lanu lija, chongani chilichonse chimene chikudikira munthu wakunja, mulembe dzina lake ndi tsiku limene mukuchifuna.

Mwina mukudikira kuti nditchule Gantt chart, tchati chija cha mizere yamitundumitundu yoonetsa ntchito iliyonse ndi masiku ake. Henry Gantt anaikonzera mafakitale zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo imathandiza kuonetsa bwana chimene chikudikira chinzake. Jambulani imodzi ngati adayirekita amakonda zooneka. Kungoti musaikhulupirire kuposa maso anu. Ndaonapo tchati chokongola chikunena kuti zonse zili bwino pamene pulogalamu ikukana ngakhale kutseguka.

Chimene chimagwiradi ntchito pa gulu la anthu atatu n'chosavuta. Bolodi, kaya ya pa intaneti ngati Trello kaya khoma la chipinda chanu ndi timapepala tomata, yogawidwa patatu: zodikira, zili m'manja, zatheka. Munthu mmodzi kantchito kamodzi, osatenga kena asanamalize. M'mawa uliwonse mphindi 15, ngakhale pa WhatsApp: dzulo ndinachita chakuti, lero chakuti, chandigwira mwendo ndi chakuti. Ndipo masabata awiri aliwonse, Lachisanu, mukaonetse amsungichuma chinthu chogwira ntchito, akhale pampando iwowo, inu manja kumbuyo. Kagwiridwe ka ntchito kotere mudzakamva ndi mayina akuluakulu, Agile, Scrum, sprint. Agile inatchuka kuchokera mu Febuluwale 2001, pamene anthu 17 opanga mapulogalamu anakumana ku Snowbird, m'chigawo cha Utah ku America, atatopa ndi mapulojekiti olemba zikalata chaka chathunthu kasitomala asanaone kanthu. Lero pali masatifiketi ake ndi maphunziro odula. Inu musavutike nazo panopa. Tengani mtima wake: panga kochepa, onetsa msanga, imva zimene wogwiritsa ntchito wanena, konza.

"Zatheka" nayenso afunika tanthauzo limene nonse mwagwirizana. Kwa ine chinthu chatheka ngati chili pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako code ya gulu lonse, osati pa laputopu ya munthu mmodzi, mnzako wachiyesa, ndipo chagwira pa kompyuta ya kusukulu. "Kwanga ikugwira" sitiwerengera.

Tsiku loyamba kugwiritsa ntchito musadzayatse zonse pakamodzi. Boma la America, ndi ndalama zake zonse, linatsegula webusaiti ya HealthCare.gov pa 1 Okutobala 2013 kuti anthu mamiliyoni alembetse inshuwalansi ya zaumoyo. Mbali zake zinapangidwa ndi makampani osiyanasiyana, ndipo kuyesa zonse pamodzi kunachitika kutatsala masabata ochepa. Tsiku loyamba anthu amene anakwanitsa kulembetsa anali 6. Zinatenga miyezi iwiri ya usiku ndi usana kuti iyambe kuyenda bwino. Inu yambani ndi Fomu 1 yokha, buku la kaboni likupitirira pambali. Madzulo aliwonse yerekezani ndalama ya m'buku ndi ya mu kompyuta. Zikafanana sabata yathunthu, lowetsani Fomu 2. Ndipo backup, kukopera deta yonse n'kuisunga padera, ikhale ikuchitika kuyambira tsiku loyambalo, ina pa intaneti ina pa fulashi imene sigona muofesi momwemo. Muyesenso kubwezeretsa deta kuchokera pa backup imeneyo kamodzi, muone ngati ikubwereradi.

Tibwere kwa adayirekita ndi zowonjezera zawo, pomwe ndikudziwa kuti ndi pamene pakukuwawani kwambiri. Musawade. Munthu akaona koyamba mayina a ana ake akutuluka pa sikirini, maso amatseguka, amayamba kuona zina zimene zingatheke. Ndi chizindikiro chakuti ntchito yanu yawagwira mtima. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pusi wake pano ndinu, chifukwa ndinu amene mwakhala mukuvomera. Ndikumvetsa. Ndi munthu wamkulu, mwina msinkhu wa bambo anu, ndiye wakupatsani ntchito yanu yoyamba. Kunena kuti ayi kumaoneka ngati mwano.

Simukuyenera kunena ayi. Nenani kuti: "Bwana, n'zotheka ndithu. Zimenezo zitenga masabata atatu ndi ndalama yakuti. Tizichite tikatsegulira, kapena tichotsepo china kuti zilowe panopa?" Mwawapatsa ulemu wosankha okha, ndipo mwawaonetsa kuti chilichonse chili ndi mtengo. Iwo ndi abizinesi, amadziwa kuti mmisiri ukamuuza kuti awonjezere chipinda, simenti nayo imawonjezereka. Chimene sankadziwa n'chakuti pulogalamu nayo ili ndi simenti yake, poti saiona ikutsitsidwa mu lole. Pa zinthu zitatu izi, tsiku, ndalama ndi kuchuluka kwa ntchito, kasitomala akhoza kugwira ziwiri, chachitatu chiyenera kusuntha. Kwa inu tsiku silisuntha, poti teremu imatsegulira tsiku lake kaya mwamaliza kaya ayi. Ndalama akuti palibe. Chotsala n'kuchepetsa ntchito.

Za ndalamazo ndinenepo pang'ono, za mtsogolo. Theka poyamba theka pomaliza ndi msampha pa ntchito imene mapeto ake sanalembedwe. Gawani malipiro potsata zimene mwapereka: kulemba ana kukatheka, gawo, malisiti akayamba kutuluka, gawo, teremu ikatha bwino, lomaliza. Seva ndi dzina la webusaiti nthawi zambiri mumalipira m'madola, ndipo mukukumbuka Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene analemba mtengo wa chaka chonse m'makwacha anadya ndalama zawo zomwe. Zolipira mwezi ndi mwezi zikhale m'dzina la sukulu, azilipira okha. Mulembenso kuti mukapereka pulogalamu mudzakonza zolakwika kwaulere kwa nthawi yakuti, kupitirira apo ndi mgwirizano wina. Popanda zimenezo mudzakhala mukuitanidwa zaka zitatu kudzakonza pulinta.

Ndiye sabata ino muchite chiyani? Foni ya adayirekita muyankhe, kapena muimbe ndinu asanaimbe. Kuzemba foni kumawononga kuposa kuchedwa kwenikweniko, chifukwa munthu akapanda kumva kanthu amaganiza kuti mwathawa ndi ndalama. Pemphani ola limodzi Lolemba. Mupite ndi pepala limodzi lokha: pamwamba zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimene zidzakhale zikugwira tsiku lotsegulira, pakati zimene mukufuna kwa iwo ndi masiku ake, pansi zimene zidikire ndi mtengo wa chilichonse. Yambani ndi kuvomera kuti miyezi itatu ija munayerekeza molakwa, osanamizira magetsi. Akalipa, asiyeni akalipe, ali ndi chifukwa. Tsiku latsopano mutchule limodzi, lochokera pa liwiro lanu lenileni lija, muwonjezerepo sabata yopumira, ndipo musalole kuti alidule pokambirana ngati mtengo wa tomato pamsika.

Mupite awiri, wina azilemba zimene mwagwirizana, ndipo madzulo omwewo muwatumizire pa WhatsApp kuti ayankhe kuti avomera. Anyamata awiri aja auzeni adikire. Mbali ya malikisi ikadzavomerezedwa pamodzi ndi ndalama yake, mudzawatenge ntchitoyo isanayambe, mudzakhale ndi sabata yowaonetsa mmene munamangira, ndipo mmodzi mudzamutumize kukakhala m'mawa wonse mu sitafu rumu, kuonerera mmene aphunzitsi amawerengera malikisi.